Ulenje wa elk ku Colorado: zoti munyamule, ndi kuteteza cooler box kwa akuba

Bambo wina wa ku Denver watilembera imelo. Anzawo a kuntchito awaitana kukasaka elk, nyama yaikulu ya mtundu wa gwape, m'mapiri mwezi wa Okutobala, ndipo akufunsa zoti agule, komanso ngati cooler box yodula ingasiyidwe pa pikiapu masiku atatu osabedwa.

Bambo, tiyambe ndi zamalamulo. Laisensi imachokera ku Colorado Parks and Wildlife, bungwe la boma loyang'anira nyama zakutchire, ndipo aliyense wobadwa kuyambira pa 1 Januwale 1949 ayenera kukhala ndi chiphaso cha maphunziro a alenje. Ngati muli ku America pa viza ya kanthawi, lamulo la dzikolo silikulolani kugwira mfuti pokhapokha muli ndi laisensi yosakira, choncho pepala lidze kaye, mfuti pambuyo. Posaka ndi mfuti muvale chovala chowala cha olenji kapena pinki, chosachepera masikweya inchi 500 kumtunda kwa chiuno, pamodzi ndi chipewa cha mtundu womwewo.

Katundu wina sitichedwa naye: nsapato zomwe mwaziyendera kale, zovala zingapo zopyapyala zovulika dzuwa likakwera, mipeni iwiri, tochi yapamutu, chingwe, matumba ansalu anayi kapena asanu oikamo nyama, ndi chikwama chokhala ndi felemu yachitsulo.

Chimene chimadzidzimutsa oyamba kumene ndi kukula kwa nyamayi. Elk yamphongo imaposa nyama ya ngoma, imafika makilogalamu 300, ndipo mukachotsa mafupa mumatsala ndi mnofu wa makilogalamu pafupifupi 90. Chikopa chake nchokhuthala, chimasunga kutentha ngakhale pansi pali chipale chofewa. Nyama imayamba kuvunda mkati mwa ntchafu, pomwe fupa lalumikizana ndi chiuno, ndipo mukamva fungo lowawasa ndiye kuti zatha. Sendani nthawi yomweyo, gawani miyendo inayi, chotsani minofu ya msana, ikani m'matumba, pachikani pamthunzi podutsa mphepo. Chizindikiro choti nyamayo inali yaimuna kapena yaikazi chisiyeni cholumikizika ku chidutswa chimodzi, lamulo limatero.

Musaike nyama yofunda m'bokosi nkutseka. Bokosi limasunga kutentha monga limasungira kuzizira. Izizire kaye panja usiku, kenako ilowe, ndipo ikhale pansi pa madigiri 4. Mufunika mabokosi awiri a malita 110 mpaka 140. Aziziritseni usiku wathunthu musananyamuke. Ayisi wabwino ndi madzi oumitsa m'zigubu, chifukwa amachedwa kusungunuka ndipo sanyowetsa nyama. Mukagula dry ice (ayisi wa mpweya wa carbon dioxide), yemwe amazizira madigiri 78 pansi pa ziro, masulani kachitsekero kotulutsira madzi kuti mpweya uzituluka, ndipo musakwere naye m'kati mwa galimoto mawindo ali otseka.

Tsopano za akuba. Yankho lathu nlakuti loko saletsa wakuba wokonzekera, amangomuchedwetsa. Koma ambiri oba mabokosi ndi ongodutsa: aona bokosi lodula la Yeti loyera mbee kumbuyo kwa pikiapu pomwe magalimoto amaimikidwa poyambira njira yakuphiri, kapena pa motelo usiku, anyamula, apita. Oterewa akaona waya amapitirira.

Cholakwa chofala ndicho kupisa waya m'zogwirira zachingwe. Zimenezo zimaduka ndi mpeni wam'thumba. Mabokosi olimba ngati Yeti Tundra ali ndi kampata koumbidwira m'mbali, pansi pa chivundikiro. M'menemo mulowetse kachitsulo kokhomera kamene kamagulitsidwa padera, kenako waya wachitsulo wokhala ndi loko, monga Python ya Master Lock. Mbali ina ya waya ikolowekeni pa ngowe yomangidwa m'thupi la galimoto, osati pa chitsulo chomasulika ndi sipanala. Kokani waya athine, bokosi ligunde khoma la kutsogolo. Waya wolendewera amapatsa malo chodulira zitsulo, pomwe wothina pakona amavuta kumufikira. Tcheni chochindikala chimaposa waya, kungoti ncholemera.

Chivundikiro chili ndi nkhani yakeyake. Pamakona awiri akutsogolo pali mabowo a maloko aatali khosi, ndipo mukhome onse awiri. Mabokosi amene bungwe la Interagency Grizzly Bear Committee lidavomereza kuti chimbalangondo sichingatsegule amawerengedwa choncho pokhapokha ali okhoma. Ku Colorado kuli zimbalangondo zakuda, ndipo mu Okutobala zimadya mosalekeza pokonzekera chisanu, choncho magazi apambali pa bokosi muwatsuke.

Choposa zonsezi nkubisa. Fundani mabokosi ndi bulangete lakale kapena lona wothimbirira, zomwe zimathandizanso kuti ayisi akhalitse. Lembani chizindikiro chanu pansi ndi chitsulo chamoto, mujambulenso chithunzi, kuti apolisi akhale ndi pogwira. Pa motelo imikani galimoto chobwerera m'mbuyo, chitseko chakumbuyo chigunde khoma, powala getsi.

Ndipo ngati simunagule, ganizirani bwino. Mabokosi awiri otchipa odzaza zigubu zouma, ofundidwa pamthunzi, amasunga kuzizira masiku atatu amenewo m'nyengo ya Okutobala, ndipo wodutsa sawatembenukira kawiri. Ndalama yotsalayo ipite ku nsapato.