Magetsi akabwerera, Mosquitto sakudzuka yekha

Funso: Amisiri, ndimaweta anapiye kuno ku Bembeke. Ndinaika Mosquitto (pulogalamu yolandira ndi kupereka mauthenga a zipangizo) ndi Node-RED (pulogalamu yolamula zoti zichitike mauthengawo akafika) pa kakompyuta ka Raspberry Pi 4. Kachipangizo koyeza kutentha m'khola kamatumiza uthenga, ndipo kukazizira swichi ya Sonoff yokhala ndi pulogalamu ya Tasmota imayatsa mababu otenthetsa. Ndinalemba kale `systemctl enable mosquitto` kuti aziyamba yekha. Koma magetsi akathima usiku n'kubwerera, tsiku lina zonse zimadzuka, tsiku lina zii, mpaka m'mawa ndikalembe `restart` ndekha. June yunoyu ndataya kale anapiye ndi chisanu. Vuto lili pati?

Yankho: Achimwene, pepani za anapiyewo. Chisanu cha ku Bembeke sichiseka ndi mwanapiye wa sabata imodzi. Koma vuto mwalitchula kale nokha pamene mwati "tsiku lina zimadzuka, tsiku lina zii". Chinthu chothyoka chimakana masiku onse. Chokana mwa apo ndi apo, makamaka magetsi akangobwerera, ndiye kuti pali mpikisano wa amene adzuke msanga, ndipo Pi wanu akuisiya m'mbuyo rauta.

Ndikhoza kubetcha kuti m'fayilo ya mosquitto.conf, kapena ina ya m'foda ya conf.d, munalemba mzere ngati `listener 1883 192.168.1.50`, wouza Mosquitto adiresi yoti azimverapo mauthenga. Adiresi imeneyo Pi amachita kupatsidwa ndi rauta. Magetsi akabwera, Pi amadzuka rauta ikadali kuyasamula, Mosquitto n'kufuna kukhala pa adiresi yomwe sinafike, n'kugwa. Systemd, pulogalamu yoyatsa mapulogalamu ena mu Pi, amamudzutsanso, koma mofulumira kwambiri: akalephera maulendo 5 m'masekondi 10, amamutaya osayesanso. Rauta ikamamaliza kudzuka, Mosquitto wagona kale. Nchifukwa chake m'mawa `restart` imagwira msangamsanga, adiresi ija imakhala itafika kalekale. Tsiku lomwe zakanika lembani `journalctl -u mosquitto -b`, mudzaona mawu oti "Start request repeated too quickly". Mu /var/log/mosquitto/mosquitto.log mudzapeza "Cannot assign requested address".

Chotsani adiresiyo, pangotsala `listener 1883` basi. Pansi pake pakhale `allow_anonymous false` ndi `password_file` yanu, popeza kuyambira Mosquitto 2.0 wa mu 2020, ukaika listener sakulandiranso alendo opanda pasiwedi pokhapokha utamuuza, ndipo musamuuze. Kenaka `sudo systemctl edit mosquitto`, muikemo izi:

```
[Service]
Restart=on-failure
RestartSec=20
```

Tsopano akagwa azidikira masekondi 20 asanayesenso, ndipo malire a maulendo 5 aja sadzawafikanso. Osakhudza fayilo yeniyeni ya mosquitto.service ayi, tsiku lokweza pulogalamu zonse mwalembamo zimafufutika. Mu rauta mumusungirenso Pi adiresi yakeyake, kuopa kuti Sonoff izigogoda pakhomo lomwe mwini wake anasamuka.

Izo ndi za mphindi khumi. Chimene ndikufuna muone musanachite china chilichonse ndi chaja. Mwandiuza za Node-RED, za Tasmota, koma simunanene chomwe chikumudyetsa Pi, ndipo anthu amene sanena za chaja nthawi zambiri amakhala kuti anazula ya foni ya akazi awo. Lembani `vcgencmd get_throttled`. Ikayankha `0x0`, zili bwino. Ikayankha `0x50000`, ndiye kuti chidzukireni mphamvu inatsikapo. Ikayankha `0x50005`, ikutsika ngakhale panopa mukuwerenga. Pi 4 amafuna 5V ndi 3A zenizeni, ndipo mphamvu ikatsika kufika cha m'ma 4.63V amayamba kudandaula. Yang'ananinso kababu kofiira kali pa bolodipo. Kayenera kuyaka osaphethira. Kakamathimathima, musatayenso nthawi ndi mafayilo.

Mwezi watha wina anandibweretsera Pi kuchokera cha ku Linthipe, akuti wamulowa vairasi. Chaja chake analemba 3A ndi zilembo zikuluzikulu, koma kuchinyamula m'manja kupepuka ngati chitsononkho. Nthambo yakenso yowonda ngati ulusi wosokera zigamba. Nditangoika chaja changa cha pa benchi, kababu kofiira kanakhazikika, "vairasi" uja osaonekanso. Anthu mumagula Pi ndalama zambirimbiri, mumagula masensa, mababu, chakudya cha anapiye matumba, koma pa chaja mpamene mumakakamira kutsitsa mtengo ndi mnyamata wa m'mbali mwa msewu. Ndipo nthambo imanamiza kuposa chaja. Chaja chikhoza kukhala chabwino, koma nthambo yaitali ndi yowonda imadya mphamvu m'njira, kwa Pi kumafika zotsala. Yaifupi, yonenepa, basi.

Chifukwa chomwe ndimalimbikira pamenepa n'chakuti mphamvu yoperewera, kuphatikiza kuthimathima kwa magetsi, imapha khadi la memori pang'onopang'ono. Pi akamalemba pa khadi magetsi n'kuduka, fayilo imatsala theka. Mosquitto amasunga zinthu zake mu /var/lib/mosquitto/mosquitto.db, ndipo fayilo imeneyo ikaonongeka akhoza kukana kudzuka ngakhale mutamupatsa RestartSec yotani. Zikatero isuntheni muiike pambali, apanga ina yatsopano. Koma khadi likayamba kukana kulembedwa, musalinyengerere, latha. Gulani lina lenileni ndipo mukope lonse pa laputopu zinthu zikadali kuyenda.

Wina akuuzani kuti ingoikani pawabanki pakati. Ambiri mwa mapawabanki amadula mphamvu kamphindi magetsi akamachoka kapena akamabwera, ndiye Pi amathimabe, mwangoonjezera katundu pa waya. Ngati muli ndi batire la sola la 12V, pezani kachipangizo kotsitsa mphamvu kufika pa 5V kokwanitsa 3A, Pi adye pamenepo. Rauta zambiri zimadya 12V, onani kaye zolembedwa kunsi kwake, nayo ikhoza kukhala pa batire lomwelo. Mukatero mpikisano uja watheratu chifukwa palibenso wogona.

Pali chinanso chomwe sindikusangalala nacho. Mababu anu akuyembekeza kuti rauta idzuke, Pi adzuke, Mosquitto adzuke, Node-RED alankhule, ndiye ayake. Anthu anayi kuti agwirizane usiku wa June pakati pa mapiri. Lowani mu console ya Tasmota, tsamba lake lolembapo malamulo, mulembe `PowerOnState 1`. Magetsi akangobwera, swichi iziyatsa mababu yokha osafunsa munthu, ndipo Node-RED akadzuka n'kupeza kuti m'khola mwatentha, azithimitsa ndi iyeyo. Nthawi yomwe magetsi kulibiretu, mbaula ya makala ija musaitaye, bola mpweya uzilowa m'kholamo.

Mukamaliza musadikire usiku kuti muone ngati zagwira. Masana, anapiye akuothera dzuwa, zulani rauta, Pi ndi Sonoff nthawi imodzi pa soketi, mubwezeretsenso nthawi imodzi. Kuzula Pi yekha si mayeso, rauta imakhala ili maso ndipo zidzakunamizani kuti zatheka. Chitani kawiri kapena katatu, osapitirira, khadi lija lisavutike chabe. Ulendo uliwonse dikirani mphindi zitatu, mulembe `systemctl status mosquitto`, muone mawu obiriwira oti "active (running)". Mukandilemberanso, yambani ndi yankho la `get_throttled` ndi chithunzi cha chajacho, mbali yomwe kuli zolembedwa.