Kodi mawindo a tchalitchi cha ku Fairford ndi oyenera ulendo?

Funso: Ndine wa Chigwirizano cha Amayi mu mpingo wa Anglican ku Mufakose, kuno ku Harare. Mwezi wa Juni ndikupita ku England kukaona mwana wanga, namwino ku Swindon, ndipo akuti akanditengera ku tchalitchi chakale cha ku Fairford kuti ndikaone mawindo. Kodi munthu angathere tsiku lonse akuyang'ana mawindo chabe?

Yankho: Mayi, mwana wanu wasankha bwino. Tchalitchi cha St Mary ku Fairford, m'chigawo cha Gloucestershire, chinamangidwa ndi John Tame, wamalonda wolemera ndi ubweya wa nkhosa, ndipo chinapatulidwa mu 1497. Chili ndi mawindo 28 amene magalasi ake anaikidwa cha m'ma 1500, ndipo ambiri mwa magalasiwo adakali omwewo, pamene m'matchalitchi ena ochuluka anaphwanyidwa pa nthawi ya kukonzanso mpingo komanso pa nkhondo yapachiweniweni ya m'ma 1640. Pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, magalasi a ku Fairford anachotsedwa n'kusungidwa pobisika.

Mukaima panja mudzangoona magalasi akuda olumikizidwa ndi mizere ya mtovu, ndipo mwina mudzadandaula ndi ndalama za petulo. Lowani mkati. Mitundu yake inalowetsedwa m'galasi lenilenilo likadali losungunuka, kufiira kuchokera ku mkuwa, pamene chikasu chinapakidwa ndi mankhwala a siliva n'kuwotchedwa m'ng'anjo, kotero imaoneka pokhapokha kuwala kukudutsamo. N'chifukwa chake mbali ya kum'mawa imakongola m'mawa, ndipo ya kumadzulo imadikira dzuwa likapendeka.

Mawindowa amawerengedwa motsatana ngati nkhani, kuyambira pa Hava, kudzera pa moyo wa Yesu, mpaka pa windo lalikulu la kumadzulo la Chiweruzo Chomaliza, ndipo pamenepo ndi pamene ndikukulangizani kuti mukhale nthawi yaitali. Chapansi kudzanja lamanja kuli gehena wofiira psuu, ndipo mukayang'anitsitsa mudzaona chiwanda cha buluu chikukankha mayi wina pa wilibala. Gawo la pamwamba linawonongeka ndi mphepo yamkuntho mu 1703, ndipo lomwe lilipo lero ndi lokonzedwanso pambuyo pake.

Tsiku lonse lingachuluke, koma maola awiri kapena atatu a masana ndi okwanira. Mumuuze mwana wanu afunsiretu nthawi ya mapemphero, ndipo mutenge juzi, chifukwa m'nyumba zamiyala zimenezi mumazizira ngakhale m'chilimwe cha kumeneko.