Yankho kwa bambo a ku Kapata: wilo ndi nyumba imene mukuiopera

Bambo ena a ku Kapata kuno ku Chipata anditumizira imelo. Ali ndi nyumba ya title, munda kumudzi ku Chadiza, mkazi, ana anayi, ndi mwana wina amene anabereka asanakwatire. Akuti: "Ndikamwalira, abale anga adzathamangitsa mayi a ana m'nyumba. Anthu akundiuza za wilo, executor, probate, koma sindikumva. Kodi ndiyambire pati?"

Bambo, mwachita bwino kufunsa mudakali ndi mphamvu. Kulemba wilo, chikalata chonena mmene chuma chanu chidzagawidwire mukadzamwalira, si kudziitanira imfa ayi.

Tiyambe ndi zimene zingachitike mutapita osalemba kanthu. Maloya amati munthu wotero wamwalira intestate, ndipo chuma chake chimagawidwa ndi lamulo la 1989 lotchedwa Intestate Succession Act. Pa 100 iliyonse, 50 imapita kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo a malemu, 10 kwa ena amene malemu ankawasunga. Mwana wanu woyamba uja ali m'gulu la ana mofanana ndi anzake, lamulo silifunsa kuti anabadwira m'banja kapena kunja. Pa nyumba, mkazi wanu ali ndi chimene amati life interest: akhalamo moyo wake wonse, pokhapokha atakwatiwanso, ndipo nyumbayo ndi yake pamodzi ndi ana. Mipando, mbale ndi katundu wina wa m'nyumba ndi wa mkazi ndi ana. Choncho mlongo wanu kapena mwana wake akabwera ndi lole pa maliro, akuphwanya lamulo. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu.

Mwina mufunsa kuti nanga wilo ndi ya chiyani ngati lamulo likuteteza kale. Vuto lili pa munthu wogwira chumacho. Popanda wilo, banja limakhala pansi maliro atatha n'kusankha administireta, khoti n'kumupatsa chikalata chotchedwa letters of administration. Pa msonkhano umenewo mayi wamasiye amakhala ali chete, maso atatupa, ndipo amuna akuchimuna ndiwo amalankhula. Administireta nthawi zambiri amaganiza kuti wasankhidwa kukhala mwini. Si mwini. Ntchito yake ndi kusonkhanitsa chuma, kulipira ngongole, kugawa, ndi kufotokoza mmene wayendetsera zonse. Khoti likhoza kumuchotsa akasokoneza, koma pofika pamenepo galimoto imakhala itagulitsidwa, ana atasiya sukulu. Izi zimandipweteka mtima kwambiri, chifukwa zimapeweka ndi pepala limodzi.

Mu wilo mumadzisankhira nokha munthu ameneyu, ndiye executor. Sankhani wokhulupirika, wodziwa kuwerenga, wosaopa achibale anu. Akhoza kukhala mkazi wanu, mwana wamkulu, kapena loya. Ndi bwino kutchula awiri. Inu mukamwalira, executor amatengera wilo ku High Court, khoti likakhutira kuti ndi yeniyeni limapereka probate, chikalata chimene banki ndi a zamalo amafuna asanalole aliyense kukhudza ndalama kapena title. Olandira chuma amatchedwa ma beneficiary. Inu wolemba ndinu testator, mawu amenewo asakuopseni.

Tsopano kalembedwe, pamene ambiri amagwera. Wills and Administration of Testate Estates Act, nayonso ya 1989, imafuna kuti wilo ikhale yolembedwa, wolembayo akhale wamkulu ndi wa maganizo abwino, asaine kumapeto pamaso pa mboni ziwiri zimene zilipo nthawi imodzi, nazonso zisaine iye akuona. Nthawi imodzi, bambo. Kusainitsa abusa Lamlungu, aphunzitsi Lachitatu, n'kuwononga zonse. Ndipo aliyense amene mukumusiyira kanthu asakhale mboni, angataye gawo lake. Mukafuna kusintha pang'ono pambuyo pake musafufute ndi bolopeni. Lembani codicil, kapepala kowonjezera kosainidwa mofanana, kapena wilo yatsopano yonena kuti yakale yathetsedwa.

Musaganizenso zomusiya kunja mwana woyamba uja pofuna kusangalatsa mkazi wanu. Wilo ikamana munthu amene amadalira inu, khoti lili ndi mphamvu yomupatsa gawo loyenera. Mutchuleni dzina, lembani chake, ndipo auzeni mayi a ana inu muli moyo. Ana aang'ono atchulireni wowalera.

Munda wa ku Chadiza ndi nkhani ina. Malo a mfumu sagwera pansi pa lamulo la intestate lija, ndipo wilo singagawe malo amene mwambo sukulolani kugawa. Kwa ife Achewa a Kalonga Gawa Undi, munda nthawi zambiri umatsata mbumba, ana a mlongo wanu. Kwa Angoni a Mpezeni umatsata bambo. Ngati mukufuna ana anu adzalime pamenepo, pitani kwa anyakwawa ndi akuluakulu a banja tsopano lino, mugwirizane, zilembedwe m'buku la mudzi. Ng'ombe, njinga ndi chimanga cha m'nkhokwe ndi zanu, zimenezo ziikeni mu wilo.

Poyambira ndi apa: tengani kope, lembani zonse muli nazo, nambala ya puloti, mabanki, ngongole zanu ndi za anthu amene munawakongoza. Onani ngati dzina la pa title ndi lofanana ndi la pa chitupa chanu cha NRC. Kenako pitani kwa loya, kapena ku ofesi ya Legal Aid Board konkuno ku Chipata ngati ndalama zavuta. Wilo ikasainidwa isakhale m'sutikesi pansi pa bedi, pomwe wofika koyamba angaing'ambe. Isungeni kwa loya kapena ku banki, ndipo executor wanu adziwe kumene ili.