Kwa Anaphiri: za mnyamata wosaona wofuna kulemba nyimbo za kwaya pa kompyuta

Anaphiri, mwafunsa ngati mwana wa achemwali anu, amene saona koma amaimba besi m'kwaya ya ku Mufakose kuno ku Harare, angaphunzire kulemba manotsi a nyimbo pa kompyuta, komanso ngati lilipo buku loti ayambirepo. Angathe ndithu. Inenso sindiona, koma nyimbo zimene kwaya yathu ya ku Highfield imaphunzira ndimazilemba ndekha pa laputopu, mawu anayi onse. Ena akuuzani kale m'gulu muno kuti angojambula mawu ake pa foni basi. Kujambula n'kwabwino, koma nyimbo yojambulidwa sungaikonze pamene alto yagundana ndi tenala, ndiponso sungaipereke kwa woimba limba kuti awerenge. Mnyamatayo akufuna kulemba, tiyeni timuthandize kulembako.

Pakufunika mapulogalamu awiri, ndipo onse ndi aulere. Yoyamba ndi NVDA, imene imawerenga mokweza zonse zili pa sikirini ya Windows. Anaiyambitsa mu 2006 ndi anyamata awiri osaona a ku Australia, Michael Curran ndi James Teh. Yachiwiri ndi MuseScore, yolembera manotsi. Mutenge ya 4, imene inatuluka mu December 2022, kapena yatsopano kuposa pamenepo. Pano akuitchula MuseScore Studio. Alipo mapulogalamu ena ogulitsidwa, monga Sibelius, kapena Lime Aloud ndi GOODFEEL a kampani ya Dancing Dots, koma musathamangire kuwononga madola mwana asanayambe n'komwe. Wina akakupatsani pulogalamu ya Finale pa fulashi, mukane mwaulemu, eni ake anasiya kuipanga mu 2024.

Ngati NVDA sanaizolowere, ayambe yaiphunzira payokha, nyimbo zidikire kaye. Munthu wolimbana ndi zinthu ziwiri zachilendo nthawi imodzi sadziwa chimene chamulakwira, ndipo ambiri amagwa ulesi pomwepa. Akadina batani la NVDA (ndilo la Insert) pamodzi ndi 1, batani lililonse limene wakhudza limanena dzina lake ndi ntchito yake popanda kusokoneza kanthu. Kiyibodi aidziwe ndi zala mpaka asamaganizenso.

Tsono za bukulo. MuseScore ili ndi buku la malangizo pa intaneti, laulere, ndipo muli mutu wonena za ife ogwiritsa ntchito zowerengera sikirini. Ayambire mutu umenewo, kenako wa kulowetsa manotsi. Asaliwerenge kuchokera koyamba mpaka kumapeto; adine H kuti azilumpha mitu kufikira atapeza chimene akufuna tsiku limenelo. Masambawo muwasungire mu laputopu pamene mwapeza WiFi, chifukwa bandulo ndi yodula ndipo magetsi mukuwadziwa. Koma ndikuuzeni zoona, mbali yaikulu ya bukulo inalembedwera anthu oona. Limati dinani kachizindikiro kali pamwamba, kokerani ichi apa. Wosaona ayenera kumasulira chiganizo chilichonse chotere kuti chikhale mabatani, ndipo ntchito yomasulirayi imafuna mnzako amene anadutsamo kale.

Mabatani oyambira ndi ochepa. N amatsegula polembera manotsi. Nambala imasankha kutalika kwa noti: 5 ndi crotchet, 4 ndi quaver (theka la crotchet), 6 ndi minim (ma crotchet awiri), 7 ndi semibreve (ma crotchet anayi), ndipo 0 ndi popumira. Kenako adine chilembo cha notiyo, kuyambira A mpaka G. Space amaimba zimene walemba, Esc amatseka polembera manotsi, Ctrl ndi L ndi polembera mawu a nyimbo, Ctrl ndi Z amabweza cholakwika. Alt ndi muvi wakumanja amamuyendetsa pa chinthu chilichonse chili pa tsamba, ngakhale zizindikiro zimene muvi wokha umazilumpha. Pali zinthu zingapo zimene buku silikuchenjeza mokwanira. Liwu la NVDA likhoza kunena kuti quarter kapena eighth, mayina a ku America, pamene aphunzitsi a kuno amati crotchet ndi quaver. China, pulogalamuyi imasankha noti yoyandikana kwambiri ndi imene yangolembedwa, choncho besi ikalumpha patali imagwera m'mwamba kapena pansi molakwika. Woona amaziona nthawi yomweyo. Ife timamvera khutu ndi nambala imene liwu latchula pambuyo pa chilembo, yosonyeza kukwera kapena kutsika kwa noti, n'kukonza ndi Ctrl ndi muvi wokwera kapena wotsika.

Popeza makwaya athu anakulira pa sol-fa, aphunzire msanga kusintha doh, ray, me kukhala zilembo. Nyimbo ikakhala mu G, doh ndiye G, soh ndi D. Akaika kiyi ya nyimboyo poyamba, F aliyense amene walemba amakhala F sharp yekha. Nyimbo yake yoyamba isakhale yopeka yekha ayi. Atenge ya m'buku la nyimbo za kutchalitchi imene amaiimba ngakhale ali m'tulo, alembe soprano yokha, mizere iwiri. Khutu lake lidzamuuza pamene palakwika. Akafika polemba mawu a Chichewa, liwu la Chingerezi limawapotoza kwambiri. Ine ndimasinthira ku liwu la Chiswahili la eSpeak, limene limabwera ndi NVDA, ndipo limayesetsako.

Chimene chili pamtima panga kwenikweni ndi othandiza. Anthu amatikonda, ndipo chikondicho chimawathamangitsira ku mausi. Mwana wakakamira pang'ono, msuweni wake wagwira mausi, wadina kawiri, wati "zatheka". Zathekadi, koma mwanayo sanaphunzire kanthu, ndipo mawa adzadikiranso msuweniyo. Zili ngati kumutafunira nsima munthu wa mano ake. Chonde, Anaphiri, muwauze onse a pakhomo kuti wothandiza manja ake akhale pamwendo. Anene chimene akuona pa sikirini, mwanayo apeze yekha batani lake. Ngati n'kotheka mausiyo muichotseretu.

Mphunzitsi woposa onse ndi wosaona mnzake, chifukwa amalankhula chinenero cha mabatani ndipo amadziwa pamene liwu limangokhala chete osanena kanthu. Fufuzani ku Dorothy Duncan Centre konkuno ku Harare, kumene kuli laibulale ya braille, ndiponso ku ofesi yothandiza ophunzira olumala ya pa University of Zimbabwe, mufunse ngati akudziwa wosaona wina woimba amene amagwiritsa ntchito NVDA. Za malamulo a nyimbo enieniwo, aphunzitsi a ku Zimbabwe College of Music angamuthandize. Pofunsa anzake, aphunzire kufunsa bwino: atchule mtundu wa MuseScore umene ali nawo, batani limene wadina, ndi mawu amene liwu lanena. Kungoti "sizikutheka" palibe angamuyankhe.

Oyang'anira kwaya nawonso ali ndi mbali yawo. Chithunzi cha pepala la nyimbo chotumizidwa pa WhatsApp kwa ife n'chopanda kanthu, NVDA siwerenga manotsi a pa chithunzi. Azimutumizira fayilo ya MuseScore kapena ya MusicXML (mtundu wa fayilo ya manotsi umene MuseScore imatsegula), kapena sol-fa yotayipa ngati mawu wamba. Iyenso akamaliza angathe kutulutsa PDF ya oona ndi MP3 ya liwu lililonse palokha, a alto akamvere yawo kunyumba.

Ngati amawerenga braille, adziwe kuti Louis Braille mwiniyo ankaimba limba la m'tchalitchi, ndipo buku lake la 1829 linali kale ndi zilembo za nyimbo. Pa timadontho tisanu ndi kamodzi ta chilembo cha braille, tinayi tapamwamba timanena noti, tiwiri tapansi timanena kutalika kwake. Kuyambira 2023 MuseScore imaonetsa manotsi mu braille ndipo imalola kulemba ndi mabatani asanu ndi limodzi, S, D, F, J, K ndi L. Koma makina owerengera braille ndi odula, ndipo atha kuyamba popanda iwo.

Mundiuze ngati laputopu yake ili ndi Windows 10 kapena 11, komanso ngati ali ndi mahedifoni, chifukwa liwu la NVDA ndi nyimbo zikamamveka pamodzi m'nyumba ya anthu ambiri zimasokoneza. Akalemba mizere iwiri ija, muitumize muno, ndidzaitsegula n'kumuuza pokonza.