Mabuleki a Probox: ndigule zatsopano kapena zochotsa pa galimoto ina?

Funso: Ndili ndi Toyota Probox yomwe ndimanyamulira katundu wa m'magolosale kuchokera ku Limbe kupita ku Nchalo. Mabuleki ayamba kulira, ndipo ndikaponda chiwongolero chimanjenjemera. Makaniko akuti pakufunika mapadi, madisiki awiri akutsogolo ndi caliper imodzi (chitsulo chomwe chimakanikiza mapadi pa disiki) yomwe ikumata. Zatsopano zandikulira mtengo, koma wogulitsa masipeya wina ali nazo zonsezi, zochotsa pa galimoto za ku Japan, pa theka la mtengo. Nditani kuti mpamba usathere m'galaja?

Yankho: Bambo, musagule zonse zatsopano, komanso musatenge zonse zakale. Pa mabuleki pali zinthu zomwe ntchito yake ndi kuperepeseka, pali za labala, ndiye pali zitsulo zoti munthu angathe kuziyeza. Magulu awiri oyambawo gulani zatsopano. Pa zitsulo m'pamene mungapulumutse ndalama.

Tiyambe ndi mapadi, poti apa ndi pamene ambiri amaluza akuganiza kuti apindula. Padi yatsopano, mbali yake yogwira disiki imakhala yokhuthala mamilimita pafupifupi 10, ndipo ikafika pa 3 imayenera kuchotsedwa. Ndiye kuti chomwe mukugula kwenikweni ndi mamilimita 7. Padi yakale yomwe yatsala ndi 6 imaoneka yabwinobwino m'manja, koma ya ntchito ndi 3 yokha. Mwalipira theka la mtengo pa chinthu chosafika theka la moyo wake. Onjezani malipiro a makaniko, omwe mudzaperekanso posachedwa, ndi tsiku lina lomwe galimoto idzaswere m'galaja makasitomala akudikira katundu. Komanso padi yakale inazolowera disiki ina, motero simagwira malo onse, ndipo ngati inapsapo kapena kudonthera mafuta simungadziwe ndi maso. Mapadi amasinthidwa mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Kusintha mbali imodzi kumachititsa galimoto kukokera kumbali mukaponda mwadzidzidzi.

Caliper ija ndiyo ndikuikayikira kuti ndi gwero la mavuto onsewa. Ikamata, padi imakhala ikukhuza disiki ngakhale musanaponde, disiki imatentha n'kuperepeseka mosalingana, kunjenjemera kuja n'kuyamba. Mukapanda kukonza apa, mapadi atsopanowo atha m'miyezi yochepa. Musanagule ina, makaniko asolole timapini tiwiri tomwe caliper imatsetserekapo. Nthawi zambiri timangokhala tauma ndi fumbi ndi dzimbiri, ndipo kutitsuka n'kupaka girisi wa mabuleki kumathetsa nkhani. Asapake girisi wamba, amafufumitsa labala. Ngati pisitoni ya mkati mwa caliper yadyeka ndi dzimbiri, caliper yakale ya ku Japan ndi yabwino kugula, bola pisitoni yake ikhale yosalala ndipo muikemo malabala atsopano. Yakumanja ndi yakumanzere zimasiyana: ikamangidwa, kabawuti kotulutsira mpweya kayenera kukhala m'mwamba. Kakakhala pansi mpweya sutuluka wonse, ndipo buleki imakhala yofewa ngakhale mupope tsiku lonse.

Madisiki akale mutha kutenga, koma atayezedwa inu mukuona. Pa disiki pamadindidwa zilembo zakuti MIN TH ndi nambala, komwe ndi kukhuthala kochepetsetsa kololedwa. Makaniko ayeze ndi micrometer, kachipangizo koyezera kukhuthala, pakati pomwe padi imagwira, osati m'mphepete pomwe pamatsala mlomo wonamiza. Yomwe yayandikira nambalayo, ya ming'alu, ya mizere yozama kapena ya mawanga a buluu chifukwa cha kupsa, isiyeni. Tengani awiri ofanana. Funsaninso mtengo wa atsopano a makampani ena osati a Toyota, chifukwa kusiyana kukakhala kochepa atsopano ndiwo abwino. Pomanga, achotse dzimbiri lonse pomwe disiki imakhala. Kachidutswa kakang'ono kotsalira pamenepo n'kokwanira kubweretsanso kunjenjemera.

Mapaipi a labala ndi mafuta a mabuleki musanyengerere. Mafutawa amayamwa chinyezi, ndipo akakhala ndi madzi amawira msanga akatentha. Inu mumatsika zitunda za ku Chikwawa mutadzaza katundu. Mafuta akawira pamenepo, phazi limangofika pansi galimoto osaima. Gulani botolo lomata la DOT 3 kapena DOT 4, monga palembedwera pa chivindikiro cha kathanki, osati opungulidwa m'botolo lotsegula kale. Lita imodzi imakwanira kutsuka mapaipi onse, ndipo muzisintha pakatha zaka ziwiri zilizonse. Potsika zitundazo ikani giya yotsika kuti injini ithandize kugwira galimoto, mapadi anu akhalitsa.

Chenjerani ndi zatsopano zachinyengo. Bokosi lolembedwa Toyota koma mtengo wake wotsika modabwitsa likupatseni mafunso. Kuli bwino kugula mapadi a makampani odziwika monga Akebono, Ferodo, Bendix kapena Bosch m'sitolo yokhazikika yopereka risiti. Pitani ndi nambala ya chassis komanso padi yakaleyo kuti mufananize, poti ma Probox a zaka zosiyana sagwiritsa zipangizo zofanana nthawi zonse. Pa zakalezo, gwirizanani ndi wogulitsa kuti chikapanda kugwira ntchito mubweza, ndipo alembe zimenezo pa risiti.

Ndalama ikaperewera, yambani ndi caliper, mapadi ndi mafuta. Madisiki anu omwewo, ngati akadali okhuthala bwino kuposa MIN TH, atha kupalidwa pa makina n'kutumikirabe. Ikalephereka ngakhale ya zitatuzi, imikani galimoto, katundu wa ulendo umodzi kapena iwiri mutumize pa ya mnzanu. Kuyambira pano, pa ulendo uliwonse muzipatula kangachepe ka zokonzera galimoto musanawerenge phindu.

Ntchito ikatha, popani buleki kangapo mpaka ilimbe musanachoke pagalaja. Yendani pang'ono, muime, muyandikitse dzanja pa mawilo akutsogolo: limodzi likatentha kwambiri kuposa linzake, caliper ikumatabe, bwererani. Makilomita 200 oyambirira muziponda mofatsa kuti mapadi akhazikike pa disiki, ndipo ulendo woyamba wa ku Nchalo musadzaze katundu kwambiri.