Funsani Tikuyankheni: Kodi timabawuti ta sikopu ya mfuti timangidwe mpaka pati?

FUNSO

Akonzi, ine ndine mlimi wa ku Bvumbwe m'boma la Thyolo, ndipo ndili ndi mfuti ya mpweya, ya mtundu wothyola pakati uja, imene ndimaphera makoswe kunkhokwe. Mwezi watha ndinagula sikopu, chida cha magalasi cholunjikira chandamale, ku Limbe n'kuimanga ndekha. Poyamba inkalunjika bwino, koma patapita masiku zipolopolo zinayamba kugwera pambali, ndipo nditayang'anitsitsa ndinapeza kuti sikopu yasendera kumbuyo. Ndinamanganso timabawuti tonse mwamphamvu, mpaka kuthandizira Allen key ndi pulayala. Tsopano mkombero wokuzira chithunzi ukulimba potembenuza, ndipo kuphonya sikunasiye. Mnzanga wa kugalaja akuti andibwereke sipanala yake yoyezera mphamvu imene amamangira matayala a galimoto. Kodi ndiilandire? Nanga mlingo woyenera ndi uti?

Wowerenga, Bvumbwe

YANKHO

Bambo, musanachite china chilichonse, onetsetsani kuti mfuti ilibe chipolopolo ndiponso sinatcheredwe, kenaka masulani timabawuti ta pamwamba pa mphete zogwira sikopu. Kulimba kwa mkombero kumene mwatchulako ndi chizindikiro chakuti sikopu yapanikizika. Thupi lake ndi paipi yopyapyala ya aluminiyamu, nthawi zambiri ya mamilimita 25.4 kapena 30 m'mimba mwake, ndipo m'kati mwake muli kapaipi kena kokhala ndi magalasi, kamene kamayenera kuyenda momasuka mukamakonza kulunjika. Paipi yakunja ikabinyika ngakhale pang'ono, kam'katiko kamagwidwa, ndiye mumapotokola zokonzera koma chipolopolo osatsatira.

Mphamvu yopotokolera bawuti, imene amisiri amaitcha torque, pa ntchito iyi imayezedwa m'ma inch-pound kapena m'ma newton-metre. Pa timabawuti ta pamwamba pa mphete, kampani ya Vortex imalangiza ma inch-pound 15 mpaka 18, ndipo opanga ena ambiri satalikira mlingo umenewu. Izi ndi pafupifupi ma newton-metre 1.7 mpaka 2. Kuti muone kuchepa kwake, yerekezani kuti mwagoneka Allen key ya masentimita 10 n'kupachika kumapeto kwake mapaketi awiri a shuga a kilogalamu imodzi imodzi: kulemera kumeneko ndiye mphamvu yonse imene kabawuti kameneka kakufuna. Dzanja la munthu wozolowera khasu, litathandizidwanso ndi pulayala, limadutsa pamenepo kangapo mwini wake asanamve kuti wagwira ntchito.

Choncho sipanala ya mnzanuyo muithokoze koma musaigwiritse ntchito. Manati a tayala la galimoto yaing'ono amafuna ma newton-metre ozungulira 100, ndipo sipanala yopangidwira ntchito yotere siingayeze molondola mphamvu yochepa ngati 2. Palinso msampha wina umene wawonongetsa masikopu ambiri: sipanala zina za kugalaja zimalembedwa m'ma foot-pound, ndipo foot-pound imodzi ndi ma inch-pound 12. Munthu akawerenga 15 papepala la sikopu n'kuika 15 pa sipanala yoteroyo, ndiye kuti wapereka ma inch-pound 180, kabawuti n'kuduka kapena mazinga n'kutha nthawi yomweyo. Chida choyenera chimaoneka ngati sikuludiraiva yonenepa chogwirira, monga Wheeler FAT Wrench imene imayeza kuyambira ma inch-pound 10 mpaka 65, ndipo chimalira kuti "khethe" mlingo ukakwana. Timabawuti ta pansi, togwirizitsa mphete ku mfuti, kawirikawiri timalola mphamvu yokulirapo, koma nambala yake muitenge papepala la opanga mphetezo, chifukwa imasiyana malinga ndi kukula kwa bawuti ndi mtundu wa chitsulo. Nambala ya timabawuti ta pansi musaigwiritse ntchito pa timabawuti ta pamwamba.

Koma ine ndikuona kuti vuto lanu loyamba silinali kuchepa kwa mphamvu, ndipo apa ndi pamene ndikufuna timvetsetsane. Mfuti ya sipuling'i ngati yanuyo imagwedezeka kawiri pa kuwomba kumodzi. Pisitoni ikathamangira kutsogolo, mfuti imabwerera kuphewa. Pisitoniyo ikafika kumapeto n'kugunda, mfuti imadumphira kutsogolo mwadzidzidzi, sikopu n'kutsalira. Kutsalira kumeneku, pang'onopang'ono, ndiko kunasendeza sikopu yanu kumbuyo, ndipo tinjira tiwiri ta mamilimita 11 tomwe mphete zimaluma pa mfuti zotere ndi tosalala, palibe chotchinga. Mankhwala ake ndi kachitsulo koletsa kusendera, kotchedwa stop pin, kamene kamapezeka kunsi kwa mphete zambiri za mfuti za mpweya. Yang'anani pamwamba pa mfuti yanu chakumbuyo: mukapeza kabowo kapena timabowo, tsitsirani kachitsuloko m'menemo ndipo mukankhire mphete kumbuyo mpaka kagunde m'mphepete mwa bowo musanamange. Ngati bowo palibe, pali kachipika komangidwa kuseri kwa mphete yakumbuyo, kapena mugule chogwirira cha thupi limodzi, chimene chimaluma malo aatali kuposa mphete ziwiri zapadera.

Chinthu chachiwiri ndi mafuta. Kwanu ku Thyolo, monganso ku Mulanje, chiperoni chikagwa chitsulo chimachita dzimbiri msanga, ndipo n'zomveka kuti mwini mfuti amapaka mafuta paliponse. Komatu mafuta akalowa m'tinjira tija kapena m'kati mwa mphete, sikopu imaterereka ngakhale mutamanga bwanji, ndipo akakhala pamazinga, bawuti imazungulira mosavuta n'kupanikiza kuposa mmene chida chikuonetsera. Pukutani malo onsewa ndi kansalu konyowetsa sipiriti, adikireni aume, ndipo mafuta mudzapake pamitu pa timabawuti ntchito ikatha. Pa chifukwa chomwechi, guluu wa buluu wa mabawuti, monga Loctite 243, musamuike pa timabawuti ta pamwamba pokhapokha opanga atalamula.

Pomanganso, yambani ndi pansi. Kenaka gonekani sikopu, vindikirani mphete mosalimbitsa, ikani mfuti paphewa monga mumachitira powomba, ndipo sendezani sikopu mpaka chithunzi chidzaze bwino popanda kutambasula khosi. Onaninso kuti mtanda wa m'kati waima chilili, mwina poufananiza ndi chingwe chopachikidwa mwala. Timabawuti mutimange mosinthanasinthana, ka kumanzere kutsogolo kenaka ka kumanja kumbuyo, pang'onopang'ono, mukuyang'ana kuti mpata wa pakati pa chivindikiro ndi mphete ukhale wofanana mbali zonse. Mpatawo suyenera kutsekeka, ndipo amene amamanga mpaka zitsulo zikhudzane ndiye amabinya paipi. Ngati chida choyezera simunachipeze, lowetsani mbali yaitali ya Allen key m'kabawuti, mugwire mbali yaifupi ndi zala ziwiri zokha, ndipo zala zikayamba kumva kuwawa mulekere pomwepo. Njira imeneyi siilowa m'malo mwa chida, koma imateteza ku pulayala.

Za sikopu yanu ya panoyi, mukamasula mutembenuze mkombero uja. Ukamasuka, ndipo paipi ili ndi zipsera za penti chabe, chiyembekezo chilipo. Ikakhala ndi dzenje lomveka ndi chikhadabo, ndiye kuti m'kati mwakhudzidwa, ndipo kumanga bwino sikungabweze zimenezo. Mukamaliza, lembani kamzere ka pensulo pa paipi m'mphepete mwa mphete, ndi kena pa mfuti kuseri kwa mphete yakumbuyo. Womberani pepala la chandamale pa mamita 20, kuseri kwake kuli chulu kapena mulu wa dothi, ndipo pakatha zipolopolo 50 muonenso timizere tija ngati tidakali pamalo pake.