Yankho kwa amalume pa nkhani ya chitsime ndi mgodi

Amalume, mwaswera bwanji? Uthenga wanu ndaumvera kawiri, ndiye ndangoti ndijambule mawu. Mwati a kampani akufuna kuyamba kukumba kumtunda kwa mtsinje, alonjeza mjigo mukasaina pepala, ndiye mukufunsa ngati musaine, komanso ngati chitsime chanu chija chipulumuke.

Pepalalo liyambe ladikira. Chimene sichingadikire ndi kuyeza madzi anu panopa, iwo asanakumbe n'dzenje limodzi lomwe. Tsiku limene chitsime chidzaphwe inu mudzati ndi mgodi, iwo adzati ndi chilala, ndipo wopanda cholemba m'manja ndiye amagonja.

Kuyezako sikovuta. Mangani kamwala kuchingwe, mutsitse m'chitsime mpaka mumve kuti chubwi, mumange mfundo pamene chingwe chakhudza pakamwa pa chitsime, kenako muyeze ndi tepi. Lembani m'kope pamodzi ndi deti. Muzichita zimenezi mwezi uliwonse, m'mamawa anthu asanatunge, chilimwe ndi dzinja lomwe. Kumtsinje sankhani mwala umodzi wosasuntha, muziujambula pafoni mutaima pamalo amodzimodzi, madzi azioneka pamene afika.

Chifukwa chake n'chakuti dzenje la mgodi likazama kupitirira pamene pali madzi apansi, madziwo amayamba kuthamangira m'dzenjemo, ndiye amawapopa usana ndi usiku kuti antchito asamire. Akamapopa, madzi a m'dera lonse lozungulira amatsika, ndipo zoyamba kuuma ndi zitsime zosazama ngati chanucho, kenako akasupe. Mtsinje nawo umachepa, paja m'chilimwe umadalira madzi omwewo otuluka pansi.

Chimene chimandiopsa kwambiri ine ndi poizoni. Miyala ina ili ndi salifa, makamaka uja amati pyrite. Ikakhala pansi ilibe vuto, koma akaifukula n'kuiunjika panja, ikakumana ndi mpweya ndi mvula imatulutsa asidi, asidiyo n'kumasungunula zitsulo za m'miyala kupita nazo kumtsinje. Madzi amafiira ngati dzimbiri, nsomba zimasowa, ndipo izi sizisiya ngakhale mgodi utatsekedwa, zimatha kupitirira zaka makumimakumi. Koma musamangodalira maso, amalume. Poizoni wina wotchedwa arsenic alibe mtundu, alibe fungo, madzi amaoneka oyera mbee. A World Health Organization amati arsenic m'madzi akumwa asapitirire ma microgram 10 pa lita imodzi (microgram ndi kagawo kochepetsetsa ka galamu). Ndiye sonkhanani ndi anzanu, madzi a m'chitsime ndi a mumtsinje akayezedwe kulabu yosadalira kampaniyo, ayeze zitsulo ndi pH (muyeso woonetsa kuchuluka kwa asidi m'madzi), zotsatirazo musunge inuyo. Madzi akumwa abwino pH yake imakhala pakati pa 6.5 ndi 8.5.

Pamsonkhano mukafunse kuti damu la zinyalala za mgodi adzalimanga pati, ndipo likadzaphulika madzi adzalowera kuti. Musachite nalo manyazi funsoli. Ku Brazil mu 2015 damu lotere linaphulika ku Mariana, anthu 19 anafa, matope anayenda mumtsinje wa Doce makilomita oposa 600 mpaka kunyanja. Ku Zambia mu February 2025 lina linaphulika ku Chambishi, asidi analowa mu Kafue, mzinda wa Kitwe mpaka anatseka mipopi.

Za ufulu wanu, m'mayiko ambiri chiphaso chokumba miyala ndi china, chilolezo chotunga madzi kapena kutayira zonyansa mumtsinje ndi chinanso. Pemphani akuonetseni zonse, pamodzi ndi lipoti la momwe ntchitoyo ikhudzire chilengedwe, muone ngati chitsime chanu chinalembedwamo. Ngati sichinalembedwemo, lembani kalata ku ofesi ya boma yoona za madzi kuti chidziwike, adinde kope lanu la kalatayo, musunge. Bungwe la United Nations linavomereza mu 2010 kuti madzi abwino akumwa ndi ufulu wa munthu aliyense, choncho simukupempha chifundo ayi. Ndipo musamayende nokha. Anthu a m'midzi ya ku Chingola ku Zambia, okwana 1,826, anadandaula limodzi za madzi awo, mpaka mu 2019 khoti lalikulu la ku Britain linawalola kusumira kampani ya Vedanta komweko ku England.

Tsopano mjigo uja. Sindikuti muukane, madzi ndi madzi. Koma pepalalo lizinena kuya kwake, amene aziukonza ukawonongeka, ndi chimene adzachite nawonso ukadzauma. Chimene ndikuopa ndi kamzere kakang'ono konena kuti mukalandira mjigo basi simudzadandaulanso chilichonse. Mukapeza mawu otere musaikepo dzina kapena chala.

Uzani Chisomo ajambule pepalalo masamba onse, ndi kuseri komwe, anditumizire usiku uno ndiliwerenge. Chingwe chija mutsitse mawa m'mawa.